Malo Otsala Pambali pa Kaisa

Reino Salmela anatha zaka makumi atatu ndi zinayi akuyendetsa katapila wa boma kumpoto kwa Minnesota. Nyengo yozizira ankakankha chipale m'misewu ya kumafamu, nyengo yotentha ankasalaza misewu yomweyo, ndipo munthu akamwalira mumpingo wawo, wokumba manda anali iye. Adzukulu ena kunalibe. Anthu ankamupatsa moni wa chala chimodzi dzanja lili pachiwongolero, n'kumuiwala mpaka tsiku lomwe msewu watsekeka.

Anali ndi mwana mmodzi, Kaisa, amene anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka zinayi. Mkazi wake sanaipirire nyumba ya zii ija. Anapita ku Duluth n'kukwatiwanso. Mwanayo anamuika pamalo amene bambo ake a Reino anagula kalekale kumanda a tchalitchi, malo a anthu anayi mumzere umodzi. Kumapeto kunagona bambowo, kenako malo a mayi, kenako Kaisa, kenako kapinga wopanda kanthu. Kapingayo Reino ankamutchetcha yekha Loweruka lililonse. Sanauzepo munthu kuti pamenepo m'pake. Ankayesa kuti zinthu zoonekeratu sizifuna kunena, ndipo uku ndiye kupusa kwa anthu onse okhulupirika.

Mayi ake, a Hilja, anamwalira mu Okutobala. Monga amachitira amayi ambiri kumeneko, zaka zawo zomaliza ankayenda m'nyumba ndi tepi yomata ndi cholembera, kulemba dzina la mwana kunsi kwa chinthu chilichonse, kuti ana asadzakangane. Maliro atatha, ana atatuwo anakumana kukhitchini n'kuyamba kutembenuza katundu. Panali Reino, mlongo wake Irja yemwe anali chitsiriziro, ndi mkulu wawo Waino, amene anapita ku Detroit kukagwira ntchito pafakitale ya magalimoto ali mnyamata. Waino anabwera ndi mkazi wake Dolores. Anali atawonda moti kolala ya shati inkaoneka yobwereka.

Mkangano woyamba unali wa mbale. Kunsi kwa kabati kunali dzina la Irja, koma mbale za m'katimo zinalibe tepi.

"Ndiye kuti mbalezi n'za tonse," anatero Dolores, atanyamula kale ziwiri.

"Alamu, mbale zimenezo ndazitsuka ine kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero Irja. "Inu mwadyerapo kangati?"

Reino anali ataona kale dzina lake kunsi kwa bokosi la zipangizo la bambo ake, ndipo sankafuna kuti wina ayambe kuwerenga masipanala. Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Tisachedwe ndi zopusa. Chilichonse chitengedwe ndi zam'kati mwake. Kabati ndi ya Irja, mbale n'za Irja. Basi."

"Walamula loya wa pakatapila," anatero Waino, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali atatembenukira kukhoma.

Cha m'ma fili koloko anafika kuchipinda cha mayi. Pamwamba pa wodilopu panali chitini chofiira cha mabisiketi chimene Waino anawatumizira pa Khirisimasi yake yoyamba ku Detroit. Kunsi kwake kunali dzina la Waino, ndipo palibe anadabwa. Waino anachitsegula pabedi. Munali makalata ake akale, zikalata za ubatizo, ndi pepala lina lopinda panayi, lokhala ndi chidindo cha tchalitchi. Linali pepala la malo a kumanda. Komiti ya manda simva nkhani ya munthu. Imaona amene wagwira pepala.

Waino analiwerenga pang'onopang'ono, n'kulipindanso, n'kuliika m'thumba la shati.

"Achimwene," anatero Reino, "pepala ilo mayi anangoliika m'menemo poopa mbewa."

"Nanga lamulo lija wapanga ndani? Ine?"

"Inu manda muli nawo ku Detroit, aakulu ngati munda wa tirigu."

"Ndikagone pakati pa anthu osandidziwa, malole akundidutsa kumutu? Iwe Reino, undiyang'ane bwinobwino. Dokotala wati Isitala ndikaiona, ndi mwayi."

Dolores anayang'ana pawindo. Irja anagwira pakamwa.

"Pepani," anatero Reino, ndipo ananena zochokera pansi pa mtima. "Koma pajapo pali mwana wanga."

"Palinso mayi anga ndi bambo anga. Ndinayamba ndine kuwatchula mayi, iwe usanaganiziridwe n'komwe."

"Zaka makumi anayi mwabwera katatu. Katatu! Pamaliro a Kaisa munatumiza maluwa apulasitiki."

"Ndiye pano ndikubwera kudzakhalitsa. Sukukondwa?"

Reino anauza Waino kuti m'malo mwa pepalalo atenge bokosi la zipangizo, atenge mfuti, atenge ndi wotchi yapakhoma. Waino anafunsa kuti akakhoma nazo chiyani kumene akupitako. Pamenepo Irja analankhula, Irja wokonda mtendere, amene mtendere wake nthawi zonse wousenza amakhala wina.

"Achimwene a Reino, munthu akudwala uyu. Inu muli ndi mphamvu. Tidzaona."

Nthaka isanaume ndi chisanu, mwala wa pamanda unafika palole. Reino anauona ali pakatapila, akudutsa msewu wa kumanda. Unaima pakapinga wake uja, wakuda, wonyezimira, wautali kuposa wa bambo. Analembapo WAINO SALMELA, chaka chobadwa, kamzere, kenako malo osalemba.

Nyengo yozizira imeneyo Reino anaganiza zinthu zimene sanapite nazo kutchalitchi. Ankadziwa kuti akanayamba ndi iye kufa, palibe akanalimba mtima kumukaniza malowo, mwala kapena ayi. Koma thupi lake linali lolimba ngati chitsa, ndipo anayamba kudana nalo. Tsiku lina pakhona la kumtsinje, pomwe madzi oundana anasandutsa msewu galasi lokhalokha, anazindikira kuti phazi lake silikupita pabuleki. Linapita mochedwa. Anaima m'mphepete, injini ikulira, n'kudzitukwana.

Waino sanaione Isitala. Anamwalira mu Febuluwale, nthaka ili gwa ngati chitsulo. Bokosi lake analiika m'kanyumba kamiyala kuseri kwa tchalitchi, momwe akufa a nyengo yozizira amadikira kuti pansi pafewe. Munali kale mabokosi ena awiri.

Kumapeto kwa Epulo Reino anakumba manda a mabokosi ena awiri aja. A Waino sanakumbe. Irja anaimba foni.

"Achimwene, nthaka yafewa."

"Pajapo sipanafewe."

Sabata yotsatira anayankha chimodzimodzi. Mitengo inaphuka, ntchentche zinabwera, woyang'anira tchalitchi anayamba kudutsa kanyumba kaja mofulumira. Abusa anabwera kunyumba kwa Reino, n'kumwa khofi, n'kubwerera opanda yankho. Dolores anatopa nazo, analemba ganyu munthu wa tauni ina.

Reino anamupeza munthuyo akutsitsa chikatapila chachikulu palole, akuyeza malo ndi mapazi, akulavula fodya pakapinga. Bokosi la Kaisa Reino analikhoma yekha ndi matabwa a paini, ndipo linali litagona m'dothi lonyowa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankadziwa pomwe linathera: mkono umodzi kuchokera pomwe mano a chikatapilacho akanalowa.

"Kwezanso chimenechi," anatero. "Ndikumba ndekha."

"Madala, ine andituma."

"Wakutumayo sanagonekepo munthu pano. Kweza."

Anakumba ndi fosholo ndi piki, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Mbali ya mwana ankaisema pang'onopang'ono ngati akumeta ndevu. Tsiku lachiwiri anafika pomwe manda onse amathera, mutu wake utabisika, koma sanaime. Anabweretsa makwerero, ndowa, ndi matabwa otchinjiriza makoma kuti asamugumukire. Pansi panayamba kutuluka madzi.

Tsiku lachitatu Irja anabwera ndi khofi m'fulasiki ndi buledi wotsekemera. Anasuzumira m'dzenjemo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mayo ine! Mukukumba chitsime?"

Reino anakwera makwerero pang'onopang'ono, akupuma pasitepe iliyonse. Atatuluka anakhala pamulu wa dothi. Nkhope yake inali yotuwa, ndipo dzanja lamanzere ankalifumbata n'kulitambasula.

"Achimwene anafuna malo awo, awapeza," anatero. "Apita pansi penipeni. Ndikawakwirira pang'ono, ndiyalapo matabwa a mkungudza, kenako dothi lotsalalo. Pamwamba pa matabwapo ndiye polingana ndi Kaisa."

"Inu! Mukawagonere achimwene pamwamba?"

"Tili ana tinkagona bedi losanjikana. Apamwamba anali iwo, ndipo ankakodza."

Irja sanaseke.

"Tsiku langa likafika, udzawauze akumbe ndi manja mpaka apeze matabwa. Akadzawapeza, aime."

"Pepala lili ndi alamu a Dolores."

"Alisunge. Dolores sadzapondanso kuno. Iwe ndiwe wamng'ono, udzakhalapo. Wamva?"

Irja anathira khofi m'kapu n'kumupatsa. Anayang'ana mwala wakuda uja, anayang'ana dzenje, anayang'ana dzanja la mlongo wake lomwe linkalephera kugwira kapu.

"Imwani, azizira," anatero.

Reino anadikira. Lonjezo silinabwere. Anaika kapu pansi osamwa, natenga ndowa, natsikanso kukakapa madzi, chifukwa maliro a Waino anali a mawa lake.