Matope a ku Pungwe

Ndinanyamuka kwathu ku Iminyela Lachiwiri m'mamawa, nditanyamula chikwama ndi buledi wopaka majarini. Ndimagulitsa nsomba zouma ku Magwegwe, ndipo amene amanditumizira ndi Mai Rosa a ku Beira. Mwezi wathawu anandiuza pafoni kuti nsomba zasowa chifukwa mitengo ikufa. Mitengo ndi nsomba zikugwirizana pati? Ndinati ndikaone ndekha.

Pa siteshoni ya mabasi ya Renkini kondakitala anandikoka chikwama. "Uyangaphi, mama?" Ndinati ku Mutare. Anandilipiritsa madola makumi awiri, nandikhazika pampando wongokwana theka la ine. Pa Masvingo tinagula chimanga chootcha, ndipo pa Birchenough kunatentha mpaka mayi wa pambali panga anasiya kulalikira.

Madzulo ndinafikira kwa achimwene anga, a Yohane, amene amagaya miyala ya golide kumapiri a kumpoto kwa Mutare. Nditawafotokozera za ulendo wanga, nkhope inasintha.

"Mlongo, bwererani. Zimenezo n'za anthu a mabuku."

"Nanga madzi otsukira golide aja, okhala ndi mankhwala a mekyule, mumawataya kuti?"

"Mumtsinje. Madzi amatsuka zonse."

"Ndiye mukuopa chiyani ndikakaona?"

M'mawa mwake sanandiperekeze n'komwe, koma kumalire ndinapita.

Pa Machipanda, nditaoloka malire, ndinakwera chapa, kombi ya kumeneko. Titadutsa Manica tinaoloka mtsinje wofiira ngati madzi otsukira njerwa. Bambo wina wonyamula nkhuku anaona ndikusuzumira. Analankhula Chisena, koma ndinamva bwinobwino: kale ankamwa madzi amenewo, lero ngakhale mbuzi zimangonunkhiza n'kuchoka. Pa Inchope ndinadya nthochi ndi nkhuku yowawa tsabola, ndipo ndinafika ku Beira dzuwa likulowa, msana uli gwa.

Lachinayi, madzi a m'nyanja ataphwa, Mai Rosa ananditengera pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Anandivulitsa nsapato. Tinalowa m'matope ofika m'maondo, pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere imene eni ake amati mangali. Mizu yake imatuluka m'matope ngati zala, ndipo m'menemo ndi mmene tinsomba ndi nkhanu zimakulira.

Koyamba mitengo inali yobiriwira. Titalowa mkati, masamba anali achikasu, opiringizika, ena akugwa ndikangowakhudza. Mai Rosa anazula kamtengo kofika m'chiuno.

"Aka tinabzala limodzi ndi ija yaitali mwaiona kuja. Onani mizu."

Inali yakuda, yaifupi, yofewa ngati yowola.

Panali mayi wina, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, Mai Amélia, amene amathandiza gulu la Mai Rosa la amayi obzala mitengoyi. Anandifotokozera kuti zitsulo zapoizoni zochokera m'zinyalala za m'migodi sizitha. Zimabwera ndi dothi la mumtsinje, n'kukhazikika m'matope, mizu n'kumaziyamwa mpaka mtengo kulephera kukula.

"Sindinganene kuti ndi migodi yokha," anatero. "Ena amadula mitengo, mphepo zamkuntho nazo zinaononga. Koma matope awa tikufuna apimidwe, ndipo takhala tikupempha."

Ndinaganiza za manja a achimwene anga. Ndinawaimbira pomwepo, miyendo ili m'matope.

"Achimwene, madzi aja satsuka. Amangonyamula n'kukatula kwa anzathu."

"Mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Gayani miyala yanu, koma madziwo akumbireni dziwe. Ndikubwera Loweruka, ndipo sindichoka pakhomo panu mpaka tikambirane."

Anadula foni. Mai Rosa anaseka, nandipatsa mtolo wa mbewu za mangali, zazitali ngati makandulo.

"Pakati pa izi zambiri zifa," ndinatero.

"Zife. Tibzalanso. Ife sitisamuka pano."

Tinabzala mpaka madzi atayamba kubwerera, amayi asanu ndi awiri pamzere umodzi, ine kumapeto ndikuterereka. Ndinakulira mumzinda wopanda nyanja, ndikuganiza kuti chimene wataya mumtsinje chapita. Tsiku limenelo ndinaima pamene chimakafikira, ndipo ndinapeza pali anthu, atawerama, akubzala.