Zingwe za Bokosi la Bambo

Ndinadzuka kusanache, mvula ikuwaza pazenera monga mwa masiku onse kuno ku Glasgow. Amayi a kumpingo anali atagona pansi pabalaza m'nyumba mwathu ku Springburn, atatopa ndi nyimbo zimene anaimba motsitsa mawu kuopa kusokoneza aneba. Moto wa pamaliro panalibe. Ukanaukoleza pati, pamasitepe? Ndinatereka ketulo n'kukhala pansi ndi nkhawa yanga.

Bambo anga ananeneratu ali moyo kuti adzaikidwe konkuno, ndipo bambo aang'ono ku Dedza sanatikhululukire. Pafoni anandiuza kuti tikukataya mkulu wawo ngati mlendo wofera panjira. Kuwonjezera apo, woyendetsa maliro anatifotokozera mwambo wa kuno: bokosi amalitsitsa ndi zingwe, ndipo chingwe chilichonse amagwira ndi wachibale. Amayi anga anakanitsitsa. Kwathu mwana satsitsa kholo lake m'manda, imeneyo ndi ntchito ya anthu a pamudzi. Nanga ife mudzi tinali nawo kuti? Amuna a kumpingo ambiri anali pa shifiti, otsalawo ndi a msana wowawa. Tikanasowa anthu, antchito a kumanda akanatsitsa okha, bambo aang'ono akuonera pafoni. Zimenezo zinkandidya mumtima.

Bambo anali wapolisi wa pamsewu ku Limbe mpaka anapuma. Iwo ndi amayi atabwera kuno kudzandithandiza kulera, mwana wanga wamwamuna analowa timu ya besibolo, mpira uja amaumenya ndi chibonga, kupaki ya pafupi. Bambo anangomuperekeza tsiku limodzi, basi anakakamira komweko. Masewerawo sankawadziwa n'komwe, koma anaphunzira mpaka anakhala oimbira. Besibolo ilibe wezulo, koma iwo ankaliza yawo ya kupolisi, dzanja lili m'mwamba ngati akuimitsa minibasi yodzaza. Mdzukuluyo anakula n'kusiya, iwo osasiya. Ine ndinkawanena kuti munthu wamkulu kumanyowa Loweruka lililonse chifukwa cha ana a eni, n'chiyani chimenechi!

Kutacha tinapita kuholo ya tchalitchi kukaphika mpunga ndi nkhuku. Alamu ya utsi inalira, mayi wina n'kuikupiza ndi chitenje mpaka inatonthola. Anthu anayamba kufika, azimayi atamanga zitenje pamwamba pa majasi, ana a kuyunivesite atavala masuti osasita bwino. Ine maso anali pa amuna okha. Sanakwane.

Mapemphero atangoyamba, chitseko chakumbuyo chinatseguka. Analowa anthu amene sindinkawadziwa, aliyense kapusi yakale ya timu ya besibolo ija ili m'manja. Wina anali mu yunifolomu ya madalaivala a basi, wina wandevu atavala mkanjo wa kumzikiti, mtsikana wina akukankha mwana pangolo. Azungu, amwenye, akuda, ena ochokera ku Govanhill, mbali ina ya mzinda, anangolowabe mpaka mipando inatha, otsalawo anaima m'mbali mwa khoma. Ndinayang'ana mwana wanga. Anangokweza mapewa n'kunong'ona m'Chingerezi chake cha kuno kuti iye anauza mmodzi yekha.

Popita kumanda magalimoto athu anadukizidwa pamphambano. Dalaivala wa basi uja anatsika m'galimoto yake, n'kuima pakati pa msewu mvula ikumumenya, n'kukweza dzanja. Ee, dzanja lake lomwe lija la bambo, chigongono chili nga! Magalimoto onse anaima mpaka tinadutsa. Amayi, amene sanamwetulire chimwalirire bambo, anaseka misozi ikutsika.

Kumanda kunali mphepo yolowa m'mafupa. Ine ndinagwira foni kuti a ku Dedza aone. Woyendetsa maliro anafunsa kuti zingwe agwira ndani, ndipo amayi analoza a makapusi aja. Mnyamata wamtali wa tsitsi lofiira anachita manyazi, nati iwo si achibale, kodi n'zololedwa?

Nditamasulira, amayi anati, “Umuuze kuti n'chifukwa chake.”

Zingwe zinachepa, manja anachuluka, moti ena anagwira awiriawiri. Anatsitsa pang'onopang'ono, bokosi osapendekeka ngakhale pang'ono, nsapato zawo zabwinozo zikumira m'matope. Otsalawo anadutsa mmodzimmodzi kuponya dothi. Ndinalira, koma kunena zoona chifuwa changa chinali chotukumuka. Bambo anga amenewo!

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inakula mwadzidzidzi. Mphasa ndi mabulangete tinali titapinda, mapoto obwereka ali pakhomo. Wezulo ya bambo inali pamsomali pake, pafupi ndi jasi lawo la mvula. Amayi anakhala pampando wawo osayatsa magetsi.

Foni inalira, anali bambo aang'ono. Ndinakonzeka kukalipiridwa, ndipo mayankho ndinali nawo kale pakamwa. Koma iwo anatsokomola kaye, kenako anapempha kulankhula ndi amayi.

“Alamu, ana onse aja ndi a ndani?”

Amayi anayang'ana pamsomali paja.

“Ndi a achimwene anu,” anatero. “Mumati alibe mudzi.”