Chipinda chimene a Makiyi ankabisa

Pa koleji yathu palibe ankawatchula dzina lenileni. Tonse tinkangoti a Makiyi, chifukwa mulu wa makiyi wa m'chiuno mwawo unkamveka mwini wake asanaoneke. Anatsegula ndi kutseka zipinda zophunziriramo zaka makumi awiri ndi zitatu. Ine ndinasesa makonde omwewo zaka khumi, ndiye ndikamati bambowa sankakhulupirira munthu, ndikudziwa chimene ndikunena. Ukawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, ankayamba kusinkhasinkha chimene ukufuna.

Anali ndi chinsinsi chimodzi. Chipinda cha kumapeto kwa khonde chinalembedwa ku ofesi kuti chimadontha. Denga lake analikonza kalekale, koma a Makiyi sanakanene. Anaikamo matiresi awiri ndi ndowa, ndipo ophunzira amene anali ndi makanda ankasiyamo ana awo n'kumasinthana kuwayang'anira. Malamulo sankalola mwana pakolejipo. Akuluakulu akanadziwa, atsikanawo akanasowa mtengo wogwira, a Makiyi ntchito n'kuwathera.

Ndiye panatulukira mtsikana wina wophunzira za makompyuta, amene anzake ankamutcha Magalasi. Ankapanga pulogalamu ya pafoni yoti wophunzira aziona phunziro lake, nthawi ndi chipinda, m'malo mokankhana pa bolodi pomwe mapepala ankasintha sabata iliyonse. Inkasonyezanso zipinda zopanda anthu zoti munthu akawerengeremo.

"Bambo, ndithandizeni," anatero Magalasi. "Ndandanda ya zipinda ya ku ofesi ndi yakale. Amene mumadziwa zoona ndinu."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndi ntchito yanga yomalizira sukulu, ndipezere malikisi."

"Malikisi akowo ali m'makiyi angawa?"

Mtsikanayo atachoka, a Makiyi anandikokera pambali. "Achemwali, kamwana aka n'kakazitape. Mwaona mmene kakuyang'anira kumapeto kwa khonde?" Ndinawayankha kuti maso alibe mpanda, koma anangondiyang'ana ngati nanenso andituma.

Tsiku lina a Makiyi anamupeza mtsikanayo ataima pakhomo pa chipinda chija, foni ili m'manja, mkatimo mwana akulira. Kwa iwo mlandu unathera pomwepo. M'mawa mwake anamuitana ndi nkhope yosekerera, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kumupatsa ndandanda yabodza. Manambala a zipinda anawasinthanitsa, zokhoma n'kuzilemba kuti n'zotsegula. Ndinawakalipira kuti uku n'kuipa mtima. Iwo anati pulogalamuyo ikalephera tsiku loyamba palibe adzaitsegulenso, ndipo ana adzagona mwamtendere.

Inalepheradi. Lolemba m'mawa makonde anadzaza ndi anthu osowa kolowera. Kalasi yonse ya unamwino inaima pakhomo pa kachipinda kanga ka matsache, ena mpaka anaphonya mayeso. Anthu anamunyoza Magalasi pabwalo ponse, ndipo mphunzitsi wake anamuuza kuti abwereze chaka. Zinandipweteka kwambiri, koma pakamwa ndinatseka. Mlanduwu nane unkandikhudza.

Masana ake, mmodzi wa atsikana oyamwitsa aja anatipeza titakhala pamasitepe, natisonyeza foni yake.

"Taonani, a Makiyi, chipinda chathu mulibe muno. Magalasi anatifunsa, ife tinamuuza zonse, iye n'kuchichotsa kuti munthu asabwere kudzawerengeramo. Anatipangiranso potionetsa nthawi imene aliyense wa ife alibe kalasi, kuti tizisinthana bwino. Koma ndiye amulakwira mnzathuyu, kaya ndani."

A Makiyi ananyamuka n'kulunjika ku ofesi ya mphunzitsi uja, ine ndikuwatsata ndi tsache langa. Anafika pakhomo, anakweza dzanja, koma sanagogode. Kuulula bodzalo kunkafuna kunenanso chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinali ana asanu ogona pamatiresi. Anaima kanthawi, kenako anabwerera.

Pamasitepe tinakumana ndi Magalasi, maso ali psuu, chikwama chili kumsana. A Makiyi anafuna kumulambalala, koma iye anawaimitsa, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Pepani, bambo," anatero. "Munavutika kundilembera zipinda zonse zija ndi dzanja lanu. Ndiyenera kuti ndinakopera molakwika. Chaka chamawa mudzandithandizenso, ndidzasamala."