Nthungululu Yopita kwa Mwana wa Eni

Kwawo ku Nsipe, Matildah Kadammanja ankadziwika ndi chinthu chimodzi, nthungululu. Kwaya sankaitha, nyimbo ankaiphonya ngati wina aliyense. Koma mayi ameneyu akangoika dzanja pakamwa n'kuyamba kululuta, agalu ankauwa mudzi wonse, ndipo a kutsidya kwa msewu ankadziwa kuti kwinakwake kwagwa chabwino. Pa maukwati ankachita kumuitaniratu ngati wojambula zithunzi.

Sukulu anailekezera Sitandade 6. Bambo wa mwana wake anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo mpaka lero akupitabe. Matildah anagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe zaka zisanu, kenako mu 2017 anapeza mwayi wa ku Dubai. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mtisunge, anamusiya m'manja mwa mkulu wake, Rosta.

Tsiku lonyamuka, mwanayo anakakamira chikwama osafuna kuchisiya. Nthawi imeneyo Mtisunge anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kusukulu ankangozungulira pa nambala teni, nambala thwelofu, osakwera osatsika. Matildah anagwada n'kumugwira mapewa.

"Tamvera iwe. Ukadzangokhala nambala wani, ndidzakuimbira nthungululu yoti ichoke ku Dubai ifike pa Nsipe pano."

"Yangayanga, amayi?"

"Yakoyako. Sindiimbiranso munthu wina mpaka tsiku limenelo."

Ndipo anasungadi mawu ake zaka zitatu zathunthu. Mnzake wina atachita chinkhoswe m'kachipinda ka ku Satwa, kumene atsikana antchito ankakumana Lachisanu, anzake anamuchonderera mpaka kumukoka chitenje. Iye anangoomba m'manja n'kunena kuti nthungululu yake ili ndi mwini wake.

Ntchito anaipeza ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege, m'nyumba ya banja lochokera ku Wales. Bwana ankakonza ndege, Madamu Carys anali namwino, ndipo ntchito ya Matildah inali kulera kamtsikana kawo, Nia. Chimene chinamudabwitsa sabata yoyamba n'chakuti azungu amenewa akakhala okhaokha sankalankhula Chingerezi. Kodi azungunso ali ndi chinenero cha kumudzi? Analidi nacho, Chiwelishi, ndipo Madamu ankadandaula ngati mayi aliyense wa m'tauni kuti mwana akuiwala chakwawo.

Korona itafika mu 2020, ndege zinaleka kulira pamwamba pa denga, ndipo za ku Satwa zinathera pomwepo. Madamu ankachoka kusanache n'kubwera nkhope ili mizeremizere ya masiki, osalola kuti mwana amukhudze asanasambe. Banjalo linayamba kukamba zobwerera kwawo, ndipo apa m'pamene nkhani ya sukulu inabwera.

Kumudzi kwa Madamu, m'mapiri a nkhosa, kunali kasukulu ka pulayimale kophunzitsa zonse m'Chiwelishi. Sukulu yonse ana 38, aphunzitsi atatu. Matildah atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba, poti ku Nsipe ana 38 ndi mzere umodzi wa m'kalasi. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Ifans, amene anaphunzitsanso Madamu ali mwana, analola kuti Nia aziphunzira nawo pa laputopu kuti akadzabwerera asadzakhale mlendo.

Nanga wokhala naye pa laputopupo akanakhala ndani? Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, kumene kwawoko kunali kudakali m'mawa, Matildah ankakoka kampando n'kukhala pambali pomwe kamera sikuona. Anaphunzira kuti "bore da" ndi moni wa m'mawa, ndipo "da iawn" ndi mawu oyamikira mwana akachita bwino. Anaphunziranso kutulutsa kaphokoso kena ka m'Chiwelishi kopemerera m'mbali mwa lilime ngati bakha wokwiya. Asakunamizeni munthu, ankazikonda. Sukulu imene anaisiya ali mwana inamutsata mpaka m'khitchini ya eni.

Mu Disembala, Mayi Ifans analengeza za mpikisano wa chaka ndi chaka umene umachitika pa 1 Malichi. Mwana aliyense amalakatula ndakatulo pamtima, ndipo chaka chimenecho zonse zinali zochitikira pa laputopu. Ndakatulo ya kalasi ya Nia inali ya kamwana ka nkhosa kosochera m'chisanu. Nia ankati akafika pa mzere wachitatu lilime n'kumangika, misozi n'kuyamba.

Matildah anaitenga nkhaniyo ngati yake. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ankamulakatulitsa pomusambitsa, pomupesa tsitsi, ngakhale poyanika zovala. Anaiika ndakatuloyo pa kayimbidwe ka masewera oomberana m'manja a atsikana a kwawo, mpaka mizere inayamba kulowa yokha. Iye mwini anailoweza yonse asanadziwe n'komwe tanthauzo la mawu ake ambiri.

Tsopano mverani pamene panalakwika. Ku Dubai kuimbirana pa WhatsApp sikutheka, ndiye Matildah ndi mwana wake ankatumizirana mavoisi pa foni ya Rosta. Kutatsala sabata imodzi kuti ifike Khirisimasi, masana, foni inalira m'thumba la epuloni. Inali voisi ya Mtisunge, yaitali mphindi zinayi. Nthawi imeneyo n'kuti Nia atadzigwetsa pansi akulira kuti ndakatulo sakuifunanso, ndipo mpunga unali kupserera pa chitofu. Matildah anayang'ana mphindi zinayi zija n'kuusa moyo. Mwana ameneyu akayamba kufotokoza za mbuzi ndi za anzake satha! Analemba ndi chala chimodzi kuti, "Zabwino kwambiri mwanawe. Pitiriza." Mumtima anati aimvera akapeza mpata.

Mpata sunapezeke. Januwale anabwera ndi maliro, gulu la mpingo pa foni linadzaza ndi zithunzi za anthu omwalira ndi Korona kumudzi, ndipo voisi ija inakwiririka pansi pa mauthenga ena. Mavoisi a Mtisunge anayamba kufupika, kenako anatheratu. Ankangolemba kuti, "Tili bwino amayi." Matildah anaziona, koma anadziuza kuti mwana akukula, atsikana amatero. Kunena zoona, zinamupepukira, chifukwa uthenga wolemba suchedwetsa ntchito.

Pa 1 Malichi, Nia anavala siketi yofiira ndi duwa lachikasu lapepala limene Matildah anamudulira. Pa laputopu panadzaza timabokosi ta nkhope, ana ndi makolo awo, wina atanyamula mphaka, wina agogo ake akusuzumira kumbuyo. Madamu ankaonerera pa foni ali kuchipatala. Itafika nthawi ya Nia, Matildah anamunong'oneza m'Chiarabu cha ku Dubai kuti, "Yalla, tiye mwana wanga," n'kudzigwira maondo. Kamtsikana kanaimirira n'kuitsetsereka ndakatulo yonse, mzere wachitatu n'kuudumpha ngati palibe kanthu.

Pamapeto Mayi Ifans anayamba kuwerenga maina kuchokera pa wachitatu kukwera m'mwamba, ndendende mmene aphunzitsi aakulu amachitira ku Nsipe tsiku lotsekera sukulu. Wachitatu, mnyamata wina. Wachiwiri, mtsikana wa mphaka uja. Woyamba, Nia wa ku Dubai.

Matildah sanaganize chilichonse. Dzanja linapita lokha pakamwa, ndipo nthungululu ya zaka zitatu inatuluka yonse nthawi imodzi. Mayo ine! Ana m'timabokosi anatseka makutu kenako n'kuphulika kuseka, ndipo galu wa m'nyumba ina ku Wales komweko anayamba kuuwa. Mayi Ifans anafunsa kuti chimenecho n'chiyani, ndipo Nia anakokera Matildah pa kamera n'kunena kuti, "Ndi Tilda wanga." Anamupempha kuti abwereze, iye n'kubwerezadi, ana 38 onse akuyeserera.

Sukulu inaika kakanema kake pa tsamba lawo. Madamu anamutumizira ndi timitima tambirimbiri, ndipo Matildah, mutu utakula, anakaika pa sitetasi kuti a kumudzi aone.

Anaonadi. M'mawa mwake, akupukuta mbale, inafika voisi ya Rosta, yaifupi ndi youma.

"Iwe Matildah, uli ndi nzeru koma? Mwana waona kakanema kako, sanadye kuyambira dzulo. Ine ndimayesa munamvana kalekale. Tabwerera m'mbuyo pa foni yakoyo."

Pansi pake panali uthenga wolemba wa Mtisunge. "Amayi, voisi yanga ya Disembala simunaimvere. Munthu akamvera, kamaiki ka pa voisiyo kamasanduka kabuluu. Kanga kadakali kotuwa."

Matildah anakhala pansi pa matailosi, nsalu ya mbale ili paphewa. Anakweza mauthenga m'mwamba, kudutsa Febuluwale, kudutsa Januwale, mpaka anaipeza. Inali pomwepo, ndipo pansi pake panali yankho lake lija. Anaidina.

Munamveka mphepo ndi wefuwefu wa munthu wothamanga.

"Amayi! Amayi, mwakhala pansi? Nambala wani! Ine! M'kalasi tilimo 112, amayi, ndipo Lazarous uja amakhala woyamba chaka chilichonse ndamuposa ndi malikesi asanu ndi awiri."

Kenako mwanayo anawerenga malikesi ake phunziro ndi phunziro, akuseka, akubwereza Masamu kawiri. Anafotokoza kuti chaka chino makolo sanaloledwe kubwera chifukwa cha Korona, ndiye panalibe wolulutira aliyense, aphunzitsi anangomata pepala pa chitseko.

"Koma ine sindinadandaule, chifukwa yanga ikuchokera ku Dubai. Amayi aakulu ndawauza kuti asakuuzeni, ndimafuna mumve kwa ine. Ndakhala pa chulu paja pamagwira netiweki. Sindichoka mpaka ifike. Mukweze mawu, amayi, anzanga ali pompano."

Voisi inathera pamenepo. Matildah anaimveranso, kenako anafunsa Rosta kuti tsikulo zinatha bwanji. Rosta sanamubisire. Mwana anakhala pa chulu ndi anzake anayi mpaka foni inalira, ndipo anawerenga mokweza yankho la mayi ake, anzakewo akumva. Anzake anabalalika mmodzimmodzi, iye anabweza foni n'kukatunga madzi.

Chikumbumtima chinamuluma Matildah kuposa mmene chinthu chilichonse chinamulumirapo. Anafunafuna woti amuloze chala, koma sanamupeze. Korona sinalembe uthenga uja. Madamu sanamuletsepo kugwira foni. Mphindi zinayi! Anapeza miyezi itatu yoloweza ndakatulo ya nkhosa ya anthu a kutali, koma mphindi zinayi za mwana wobala yekha zinamusowa. Ndipo chimene chinamuwawa koposa sichinali kusamverako, koma bodza lija, kuyamikira chinthu chimene sanachimve.

Nia anamupeza pamenepo n'kumufunsa kuti akulira chiyani. Matildah anangomusisita mutu n'kumuuza kuti apite akajambule. Mwana wa eni analibe mlandu, ndipo kumukonda sikunali kulakwa.

Masana, Nia atagona, Matildah anatuluka kuseri kwa nyumba pafupi ndi thanki ya madzi, dzuwa likuswa mtengo. Anadina foni, n'kuika dzanja pakamwa. Koyamba panatuluka mawu osasa ngati a tambala wachimfine. Anafufuta. Kachiwiri misozi inamutsamwitsa pakati. Kachisanu inatuluka yeniyeni, ya ku Nsipe, yaitali mpaka mpweya kumuthera, ndipo mtsikana wantchito wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda ali kakasi. Pambuyo pake Matildah analankhula. Sanadzikhululukire. Anati, "Mtisunge mwana wanga, ndinakunamiza. Sindinamvere. Nthungululu yako ndinapatsa wina. Iyi ndi yochedwa, koma ndi yako. Nambala wani wanga, pepa." Anatumiza.

Anadikira ataimirira pomwepo, thukuta likutsika mumsana. Patapita ola, foni inalira. Unali uthenga wolemba.

"Zabwino kwambiri amayi. Pitirizani."

Matildah anayang'ana pa voisi yake. Kamaiki kanali kotuwa.

Sanakalipe, ndipo anamuletsa Rosta kuti asamukalipire mwanayo. Patatha masabata atatu, satifiketi ya Nia inafika pa positi kuchokera ku Wales, ndipo Madamu anaimata pa firiji. Nia anatenga pensulo n'kulemba "Tilda" pansi pa dzina lake, zilembo zopendekera. Matildah amaipukuta fumbi limodzi ndi firijiyo, koma saiyang'anitsitsa.

Masiku ano voisi iliyonse yochokera ku Nsipe amaimvera nthawi yomweyo, ngakhale ya Rosta yodandaula za feteleza, ngakhale mpunga upserere. Mtisunge amalembabe kuti ali bwino, ndipo nthawi zina amawonjezera za mayeso. M'mawa uliwonse, asanaike ketulo pa moto, Matildah amatsegula foni n'kukweza mauthenga m'mwamba mpaka pa 2 Malichi. Amakayang'ana kamaiki kaja, kenako amabweza foni m'thumba n'kupita kukadzutsa Nia.