Foni M'chidebe cha Ufa

Tsiku limene keke ya ukwati inapserera mu uvuni, Mayi Makeke anali pakhonde, foni kukhutu, akukangana ndi kasitomala wina pa nkhani ya mtundu wa riboni. Riboni, abale! Fungo litawapeza, khitchini yonse inali utsi okhaokha.

Anaphika ina mothamanga, koma inafika kuholo itapendekeka, anthu atayamba kubalalika. Mayi a mkwatibwi sananyoze mokweza ayi. Anangojambula keke yopendekekayo n'kuitumiza m'magulu onse a pafoni. Maoda anauma ngati chitsime cha m'chilimwe. Mayi Makeke, mayi wa ana awiri, bambo kulibe, uvuni wazizira. Analira mayiyu, osati pang'ono.

Mng'ono wawo ndiye anabwera ndi nzeru. Anati kuli anthu amene amagwira ntchito ali kwawo, pa intaneti: amayankha makasitomala, kulandira maoda, kukonza za mayendedwe, koma pashopu saponda.

"Munthu wosamuona nkhope ndimupatse makasitomala anga? Iwe, wadya chiyani?"

"Achemwali, manja muli nawo awiri. Foni mumagwira ndi lachitatu liti?"

Anavomera mokakamizika. Wothandizayo anali mayi wa mawu odekha, wokhala kutali, ndipo ana anangomutcha Anti a Pafoni. Koma Mayi Makeke anamupatsa ntchito n'kumumana mphamvu. Uthenga uliwonse, ayambe wafunsa. Kasitomala akafuna kusintha ola, afunse. Mapeto ake foni inkalira kuposa kale.

Chimodzi chokha anachita bwino, ngakhale ankachita modandaula. M'mawa uliwonse, akusefa ufa, ankamulongosolera wothandizayo za ntchitoyi: kuti kirimu amasungunuka padzuwa, kuti keke yosanjikiza siikwera njinga yamoto, kuti dalaivala wothamanga ndi mdani. Anti a Pafoni ankamvetsera n'kumafunsa mafunso. Pang'onopang'ono timaoda ta masiku obadwa tinayamba kubwerera.

Kenaka mwini holo ina yaikulu anaimba. Anali atamva mbiri yoipa ija, ndipo sanabise.

"Ndikuyesani kamodzi. Keke ikafika alendo asanakhale pansi, maukwati a muno ndi anu. Ikachedwa, tisadzaonanenso."

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Keke inali itaima patebulo, yosanjikiza bwino, koma maluwa a kirimu anali asanathe. Ntchito imeneyo imafuna dzanja losanjenjemera. Apo foni inalira. Anali Anti a Pafoni.

"Mayi, dalaivala wathu galimoto yamufera panjira. Sabwera."

Mayi Makeke anaika pansi thumba la kirimu n'kuyamba kufufuza manambala ndi chala chonona. Uyu sakuyankha. Uyu ali kutali. Atacheuka, duwa limene anasiya pakati linali litayamba kugwa nkhope. Anakumbukira utsi uja, khonde lija, riboni ija. Zinthu zinali kubwerera momwemo.

Foni inaliranso.

"Mayi, mundilole ndinene. Mukagwira foni, keke siitha. Mukagwira keke, galimoto ndipeza ine. Koma ndisamabwerenso kudzafunsa chilichonse. Mukundilola?"

Mtima unakana. Bwanji akatumiza wanjinga? Bwanji akangozimitsa foni, munthu woti ngakhale kwawo sakudziwako? Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwo anali atavumbwapo kale.

"Chitani. Musandifunsenso."

Anatsegula chidebe cha ufa, n'kuponyamo foni, n'kutseka.

Musaganize kuti mtendere unabwera. Foni inkanjenjemera m'chidebemo, dzanja n'kumafuna kupita lokha. Kawiri konse anafika pogwira chivundikiro, n'kudzikalipira: "Iwe, bwerera ku maluwa!" Thukuta linkatsika m'khosi. Duwa, duwa, duwa, mpaka lomaliza.

Keke inatha. Panja, zii. Anaima pakhomo kuyang'ana msewu wopanda kanthu. Anayamba kudzitukwana kuti wagulitsa tsogolo la ana ake kwa mawu a pafoni.

Pipiii! Pageti panaima galimoto yotseka kumbuyo, yojambulidwa maluwa m'mbali. Anatsika bambo wachikulire.

"Ndinu a keke? Ine ndimapereka maluwa kuholo komweko. Mayi wina wandiimbira, wandichonderera mpaka ndakhota. Akuti ndiyende ngati ndanyamula mazira."

Atatsegula chitseko chakumbuyo, munatuluka kamphepo kozizira. Anti a Pafoni anali ataimbira kuholo, n'kufunsa kuti winanso ndani akubweretsa katundu tsikulo, n'kusankha galimoto yokhayo imene dzuwa silikanalowamo.

Keke inakhala patebulo lake alendo akadali panja kujambulitsa. Mwini holo anaizungulira, osapeza cholakwika, n'kungoti, "Sabata yamawa kulinso wina. Mukonzeke."

Atabwerera kunyumba, Mayi Makeke anavuula foni ili mbuu ndi ufa, n'kuimba.

"Mwadziwa bwanji kuti pamafunika galimoto yozizira?"

"Munandiphunzitsa nokha, mayi. M'mawa uliwonse. Chimene chinkatsala n'kundisiya ndichite."

Mayi Makeke anakhala pansi pakhitchini pomwepo, misozi ili chuchuchu, koma akuseka.

Lero ali ndi mauvuni angapo ndi atsikana owathandiza kuphika. Anti a Pafoni sanaonanebe nawo maso ndi maso, koma maoda onse amadutsa m'manja mwawo, ndipo keke siinapsererenso.

Inu amene mukuwerenga, mwina bizinesi yanu ikufuka utsi chifukwa chilichonse mukufuna kugwira nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pezani munthu, muphunzitseni zimene mukudziwa, ndipo mukamupatsa ntchito, chotsanipo dzanja. Ngati munagwapo, musataye mtima. Dzukani, ponyani foniyo m'chidebe, mubwerere ku maluwa anu.