Bala Tinalikwirira Tokha

Achemwali anga anakwatiwa ku Chidzolomondo, kutali ndi kwathu ku Ntengo-Wambalame. Uthenga wa maliro awo unatipeza tikukumba mbatatesi. Akuti agwa pangolo pochokera kumunda wa fodya. Ine ndinaponya khasu pomwepo. Munthu wokulira pangolo, woyendetsa ng'ombe za bambo athu kuposa anyamata, lero agwe pangolo n'kufa? Aaa, ayi ndithu.

Tinanyamuka ine, amayi ndi amalume, pa shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Furancungo, kenako pa mota, njinga yamoto. Tinafika mtembo asanausambitse, ndipo azimayi a mpingo anandilola kulowa kuti ndiziwagwirira beseni. Atatembenuza mutu, ndinaona ndi maso angawa. Kuseri kwa khutu lamanzere kunali bala lalitali lolowa m'kati, pamkono pali mikwingwirima ya munthu amene ankatchinga ndodo. Mayi wina wachikulire anaona kuti ndaona. Anatenga duku n'kulimanga motsitsa mpaka khutu lonse linabisika.

"Mwanawe, munthu azipita akuoneka bwino," anatero.

Ndinatuluka n'kuwakokera amalume kuseri kwa nkhokwe. Ndinawauza kuti alamu awapha achemwali, tiitane apolisi mtembo ukadali m'nyumba. Amalume anandigwira paphewa.

"Pamaliro sitiyambitsa mlandu munthu asanagone. Tiike kaye. Zonsezo tikamba tsiku lometa."

Ndinakuwa. Anthu anati chisoni chandizunguza mutu, azimayi anandikhazika pamphasa n'kuyambitsa nyimbo yokweza kuti mawu anga asamveke. Alamuwo anali pakhonde, akulira kuposa tonse. Tinaika maliro masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo.

Tsiku lometa, mayi woyandikana nyumba ndi achemwali anandinong'oneza kuti anamva kukuwa m'mawa wa tsiku limene anamwalira, ndipo anaona alamu akutuluka ndi mpini wa khasu. Ngolo sinachoke n'komwe pakhomo. Apo m'pamene amalume anavomera kuti tipite ku komando ya apolisi, ndipo apolisi anabwera n'kuwatenga alamu. Ine ndinati basi, zatheka.

Kodi ndinkadziwa chiyani za malamulo, ine wa mbatatesi? Bambo woimira boma pa milandu anatikhazika pansi bwinobwino, munthu waulemu wake. Anati lamulo limasiyanitsa kupha mwadala, kupha usakufuna, ndi ngozi wamba, ndipo chilichonse chili ndi chilango chake. Kuti woweruza adziwe kuti apa ndi ziti, dotolo amayenera kuona thupi n'kunena chimene chapha munthu.

"Porova, mama. Umboni," anatero.

Ndinati, "Nanga maso angawa si umboni?"

Anati ndi umboni ndithu, koma ine ndinaona bala, sindinaone wolipanga, komanso sindingalumbire kuti ndilo linawapha. Alamu akuti ndi chitsulo cha ngolo. Zinandipweteka chifukwa bamboyo sankanama.

Mayi wonong'oneza uja atamuitana, anakana kwamtuwagalu. Anakwatiwa m'banja lomwelo, amatunga pachitsime chimodzi ndi apongozi a achemwali, ndiye mumati atani? Azimayi osambitsa aja anati iwo anali ndi misozi m'maso, sanaone kanthu. Mpini sunapezeke. Nkhuni zonse za pakhomopo zinathera pamoto wa maliro, ndipo ine sindikayika kuti tinauwotha tokha. Bulauzi ya magazi inachapidwa n'kugawidwa pamodzi ndi zovala zina, monga timachitira.

Panatsala njira imodzi, kufukula. Bambo woimira boma uja anati atha kupempha chilolezo, koma dotolo wake ngochokera ku Tete, mvula yayamba, thupi likutha, ndipo sakufuna nkhondo kumanda. Anafuna kuti abale tivomere msanga. Ndinawagwadira amayi.

"Mwana wanga anamenyedwa ali moyo," anatero amayi, "ndiye mukufuna mukamung'ambenso atagona? Muyambe mwandiika ine."

Ndinawayankha mawu olemera. Ndinati ulemu wathuwu ukusunga wakupha. Amalume anati ndakhala kwambiri ku eshikola. Eshikola yake iti, ine wolekera m'makalasi oyamba? Amayi anakolola chimanga chaka chimenecho osandilankhula. Ndinayenda ndekha ku Furancungo mpaka oyendetsa ma shapa anandidziwa, ndipo ulendo uliwonse yankho linali lomwelo, loti popanda mawu a dotolo kapena mboni mlandu sungaime. Alamu anatulutsidwa fodya asanapite kumsika.

Mpaka lero ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa woti ndimulozere chala. Lamulo linafuna thupi, ife thupilo tinalisambitsa, tinalimanga duku, tinalikwirira ndi nyimbo. Aliyense anachita zimene anaphunzitsidwa kuti n'zoyenera.

Chaka chathachi ndinapita ndi nyemba kumsika wa ku Furancungo. Ndili pamphasa yanga, ndinangoona alamu akubwera, anenepa, kumbuyo kwawo kuli mkazi wawo watsopano, wamng'ono, atanyamula thumba. Anandipatsa moni ngati palibe kanthu, n'kuuza mkaziyo kuti, "Awa ndi alamu ako, apatse moni." Mtsikanayo anagwada. Kunja kunkatentha kwambiri, koma duku lake anali atalimanga motsitsa mbali imodzi, mpaka khutu lamanzere osaoneka.