Mng'alu wa m'wailesi ya ndege

Ndinagwira ntchito ya zamagetsi pa ndege za asilikali zaka zambiri, ndikukhala ku Machinjiri. M'mawa ndinkatsikira pa Kameza n'kukwera minibasi ina yopita ku bwalo la ndege. Pa zonse zomwe ndinakonza, chomwe sichindichoka m'mutu ndi bokosi limodzi la wailesi ya m'ndege ina.

Woyendetsa ndegeyo ankadandaula kuti akafika m'mwamba mawu amaduka, kenako n'kubwerera okha. Ife tikalichotsa n'kuliyesa patebulo, linkagwira ntchito bwinobwino. Kawiri konse linatumizidwa kunja kwa dziko, ulendo wodula zedi, ndipo kawiri konse linabwera ndi kapepala koti sanapeze vuto. Ena anayamba kunong'onezana kuti mwina vuto lili m'makutu mwa mwiniwakeyo.

"Inu mumayesa mutakhala pampando," anatikalipira woyendetsayo tsiku lina. "Ine zimandichitikira pakati pa mitambo, osamva munthu aliyense."

Mkulu wathu anali asajeni, mayi wa ku Chilomoni wosakonda zolankhulalankhula. Analiyang'ana bokosilo nthawi yaitali.

"Pansi pano likungopuma," anatero. "Kumwamba limazizidwa, limagwedezeka. Tilipatse zomwezo."

Anachotsa mkaka ndi mabotolo m'furiji ya m'chipinda chathu cha tiyi n'kulowetsamo bokosilo. Litazizira analimangirira pathabwa, thabwalo n'kuliika pamwamba pa makina opopera mpweya, omwe akayaka amanjenjemeretsa chilichonse. Tinkasinthana kuvala zomvera m'makutu, kumvetsera kaphokoso kamodzimodzi kosasintha. Likafunda, kubwerera nalo m'furiji. Masiku awiri anatha choncho.

Tsiku lachitatu, cha m'ma leveni, ndine ndinali nditavala. Kaphokoso kaja kanaduka, kanthawi kochepa ngati kuphethira.

"Asajeni, laduka!"

"Usagwedezeke."

Anatenga pensulo n'kuyamba kugogoda ndi kumbali ya labala, kachipangizo kamodzikamodzi m'bokosimo, maso ali pankhope panga. Atafika pakona ina, mawu anadukanso. Anagogodanso, anadukanso.

Anaika galasi lokulitsa zinthu n'kundiuza kuti ndisuzumire. Pamtovu wozungulira kamwendo ka chipangizo panali mng'alu wochepa kuposa tsitsi la khanda. Kukazizira mtovu unkakhwinyata, mng'alu n'kutseguka. Kukafunda unkatsekeka wokha. Diso lili pagalasipo, ndinaganiza za chindege chonse chija, injini zake ndi anthu okweramo, chikusowa mawu chifukwa cha kanthu kosaoneka ndi maso. Kuwotcherera kwake sikunatenge mphindi zisanu. Wailesiyo sinadukenso.

Patapita zaka, asajeni atapuma ntchito, ndinatumizidwa kukaphunzira kunja. Kumeneko ndinaona makina oyang'ana mawaya onse a m'bokosi nthawi imodzi, kwinaku akuligwedeza, kuliziziritsa ndi kulitenthetsa. Waya ukangoduka, ngakhale kanthawi koti khutu silingamve, ankaloza waya wake.

Nditabwerako ndinakwera chitunda cha ku Chilomoni kukawauza asajeni aja. Ndinawapeza akupalira mpiru kuseri kwa nyumba. Anamvetsera atatsamira khasu.

"Mawaya onse? Nthawi imodzi?"

"Onse, mayi."

Anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kalendala yakale ndi cholembera.

"Khala apa," anatero. "Undijambulire kumbuyoku mmene amalumikizira."